Tiyi Wanu Akuzizira

M'nyumba mwathu kunkacha ndi kompyuta ya bambo. Ndi ya pa tebulo, ya chibokosi chachikulu pansi, ndipo ikamayaka inkalira ngati chigayo cha kutali. Khoma la chipinda changa ndi lopyapyala, choncho ndikamapesa tsitsi ndinkamva zonse: mpando ukukokedwa, kapu ikukhala pa sosa, kenako kudikira kwautali. Ikamaliza kudzikoka, mawu a mayi ankatuluka.

"Kodi chikumva chimenechi? Ndinene chiyani tsono?" Kenako kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno. "Inu, zimitsani, tiyi wanu akuzizira."

Basi, ndi zokhazo. Anajambula tsiku lomwe kompyutayo inagulidwa, poyesa maikolofoni, ine ndili ku sekondale. Mayi anatisiya nditangoyamba koleji, ndipo kuyambira pamenepo bambo sankamwa tiyi asanauzidwe kuti akuzizira. Sanandiuzepo kuti amachita zimenezi, nanenso sindinawauzepo kuti ndimamva. Ife a m'banja mwathu chikondi timachibisa ngati chilonda cha pansi pa malaya.

Vuto linali loti kompyutayo inali itatopa. Pofika poti mayi anene kuti tiyi akuzizira, tiyiyo amakhala atazizira kalekale.

*

Wajuzi ndinamudziwa chifukwa cha kompyuta ina yotopa, laputopu yanga ya ku koleji. Inali yogula kwa munthu, yolemera ngati njerwa, yong'aluka pakona, ndipo mavairasi anali atamangamo mudzi. Tsiku lina inafa nditatsala pang'ono kupereka ntchito kwa aphunzitsi. Anzanga anati ndipite ku labu ndikafunse wajuzi uja. Sindinavutike kumupeza. Dzuwa linali likuswa mtengo, aliyense thukuta kamukamu, koma iye ali phee mu juzi yobiriwira yotha m'zigongono. Ankathandizira m'chipinda cha maseva, makompyuta aja opanda sikirini omwe amasunga zinthu za anthu onse ndipo sazimitsidwa usana ndi usiku. Chipindacho amachiziziritsa ngati filiji, ndiye munthu ukazolowera kumeneko juzi imasanduka khungu.

"Ndikuikirani sisitimu ina," anatero, kutanthauza pulogalamu yaikulu ija yomwe imayendetsa kompyuta yonse. "Iyi ndi yaulere. Anailemba ndi anthu ambirimbiri osadziwana, ndipo aliyense amaloledwa kusuzumira m'kati ndi kukonza. Ndi yomwe imayendetsa maseva athu."

"Nanga yangayi ndi seva?"

"Si seva, koma nayonso ikufuna chifundo."

Asanagwire chilichonse anakopera zinthu zanga zonse pa disiki yake, foda ndi foda, akundifunsa ngati dokotala: iyi ndi yofunika, nanga iyi? Zinatenga masana onse. Ndinakhala pambali pake ndikudya mabisiketi ake, ndikuba maso kuyang'ana zala zake zazitali. Laputopu inadzuka n'kuyamba kuthamanga ngati mwana wochira malungo. Chinthu chimodzi chokha chinakana, pulinta ya ku labu. Sabata ndi sabata ndinkabwerera kwa iye ndi dandaulo lomwelo, iye n'kukanda mutu, n'kunena kuti nkhani za mapulinta n'zovuta pa sisitimu imeneyi, bwanji tikaganizire pa benchi panja. Patapita chaka anaulula kuti akanatha kuikonza tsiku loyamba lomwelo. Ndinamumenya ndi buku, koma apo n'kuti mtima utapita kale.

Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. Tinalibe kanthu kupatula benchi ya pansi pa mtengo, yosowa thabwa limodzi pakati. Anzanga ankandiseka kuti ndikuyenda ndi seva m'chikwama, ndipo akabwereka laputopuyo ankaibweza msanga chifukwa mabatani sanali pomwe anazolowera. Ine ndinkawayankha ndi mawu obwereka kwa Wajuzi, ngakhale theka lake sindinkalimva. Iye anandiphunzitsa kulemba timalamulo tiwiri titatu pa windo lakuda lija la akatswiri, ndipo ndikalakwitsa ankaseka mpaka kutsokomola. Mvula ikatipeza ankavula juzi n'kuvundikira laputopu, ine n'kumanyowa. Ndinkadandaula, koma juziyo ndinkakana kubweza mpaka Lolemba.

Laputopu ija inamaliza nane koleji osadwalanso. Batire itafa ndinaikulunga mu nsalu n'kuiika pamwamba pa kabati ya zovala, chifukwa kutaya sindikanatha. Wajuzi anapeza ntchito pa kampani ina yaikulu, m'chipinda chozizira kuposa chija, ndipo majuzi anawonjezeka. Titapsa mokwanira, tinasankha Loweruka loti adzauze bambo zolinga zake. Nditawauza bambo, anayang'ana nyuzipepala nthawi yaitali n'kunena kuti abwere, mpando ulipo. Kwa bambo anga amenewo ndi mawu ambiri.

Koma Wajuzi sanafune kudzaonekera chimanjamanja. "Ndibwere kaye Lamulungu ndidzadzutse kompyuta yawo ija," anandilembera pa foni. "Aone kuti mkamwini ali ndi manja."

"Ukamaliza udzanene kuti pulinta yavuta, uzibwera sabata iliyonse," ndinamuyankha.

"Njira imeneyo inagwira ntchito kamodzi. Sindiitaya."

*

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anabwera kwathu kudzacheza kwa masabata awiri, ndipo kalendala tinasintha iwo akadalipo. Anali ndi mkamwini wawo kale m'thumba: mwana wa mnzawo, mwini shopu ya malaputopu, yemwe ine ndimamutcha Wataye chifukwa taye savula ndipo khosi lake sindinalionepo. Ndi munthu waulemu, wonunkhira, wodziwa kuseka nthabwala za akuluakulu pa nthawi yake. Kumuda sindimuda. Vuto lake n'loti anafika mochedwa.

"Mwamuna wokhala m'filiji tsiku lonse adzakufunditsa chiyani iwe?" ankatero azakhali tikamatsuka mbale. "Ukwatiwe ndi munthu woti anthu akamuona mumsewu azimupatsa moni."

Lamulungu lija masana, Wajuzi atangokhala pansi, galimoto ya Wataye inaima pa geti. Azakhali anadabwa mokweza kwambiri moti aliyense anadziwa kuti anamuitana ndi iwo.

"Ndamva kuti kompyuta ya bambo ikudwala, ndiye ndati ndidzazonde," anatero Wataye atapereka moni. "Achimwene, mukufuna kuipatsa mankhwala anji?"

Wajuzi anatulutsa fulashi, kachipangizo konyamulira zinthu za pa kompyuta, m'thumba la juzi n'kuyamba kufotokoza za sisitimu yake, maso akuwala ngati mmene ankawalira ku labu.

"Aa, imeneyo ndikuidziwa, ndipo sindiinyoza," anatero Wataye. "Pa maseva ndi mfumu, palibe angatsutse. Koma seva ilibe mdzukulu wofuna gemu. Ilibe pulinta yakale yopatsidwa ndi alamu. Ilibe mayi wofuna pulogalamu yomweyo yomwe mnzake ali nayo. Ku shopu kwanga munthu akatenga laputopu ya sisitimu imeneyo, mawa lake amabwera nayo kudzafunsa kuti batani lija lapita kuti. Zinthu zina malo ake ndi kuseri, kumene kulibe anthu."

"Zinali choncho kale, pano zinasintha," anayankha Wajuzi. "Bambo amalemba makalata, amawerenga nkhani, basi. Zimenezo imachita bwinobwino, ndipo silemetsa makina okalamba ngati awa. Sisitimu yatsopano ya m'malaputopu anu muno singalowe n'komwe, mudzangowauza kuti atayeko bokosi lonse. Funsani uyu, laputopu yake inamaliza koleji yonse."

"Kupatula pulinta," ndinatero ine, ndipo Wajuzi anandiponyera diso loti tionana.

"Ikavuta adzathamangira kwa ndani?" anafunsa Wataye. "Yanga ikavuta, pa kona iliyonse pali wodziwa kukonza. Yanuyo mpaka adikire inu mutuluke m'filiji."

"Adzandiitana ine. Sindikupita kutali."

Azakhali anatsokomola. "Chaulere sichilephera kukhala ndi pobisika. Achimwene, mwanayu akhoza kukubweretserani yatsopano lero lomwe."

Bambo, amene nthawi yonseyi ankangosisita pamwamba pa sikirini, analankhula motsitsa. "Yatsopano sindikufuna, achemwali. Ndikufuna yomweyi, iziyaka msanga basi." Anatembenukira kwa Wajuzi. "Yesani, achimwene."

Mtima wanga unavina. Ndinali pafupi kukoka mpando kuti ndikhale pambali pake ngati kale, ndimunong'oneze chofunika kusamala, koma azakhali anatulukira mwadzidzidzi kuti m'nyumba mulibe shuga. Ndipo poti pa geti panali galimoto, kuyenda wapansi kukanakhala kunyoza mlendo. Ndinapita ndi mtima m'malo, chifukwa munthu amene ndinamusiya pa kompyutayo ndinkamudziwa mmene amagwirira ntchito.

*

Wataye ankayendetsa ngati wanyamula mazira, ndipo magolosale onse apafupi anawadutsa.

"Munthu uja mumamukonda, ndikuona," anatero. "Koma ndikufunseni, achemwali. Tsiku lonse amakhala ndi makina osalankhula. Akamabwera kunyumba madzulo, adzadziwa kuti mwakhumudwa popanda kumuyatsira nyali yofiira?"

"Amadziwa," ndinayankha msanga.

"Chabwino. Ine ndimangogulitsa malaputopu, koma tsiku lonse ndimakhala ndi anthu."

Ndinayang'ana panja. Zinandipweteka, chifukwa masiku ano ndikamuimbira Wajuzi amayamba ndi kufunsa kuti chavuta n'chiyani, ngati kuti inenso ndine makina a pa ntchito pake. Ku golosale kunali mzere wautali, ndipo Wataye anakumana ndi anzake ofunika moni wa nkhani zambiri. Tinabwerera dzuwa litapendeka.

*

Pabalaza tinapeza chimwemwe. Chigayo chija chinali chitasiya kulira, sikirini ili mbee. Wajuzi anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso kuti ndione, ndipo inayaka ndisanafike n'komwe pa tebulo. Bambo ankaseka, kuseka komwe ndinali nditakuiwala.

Kenako anagwira mausi. Dzanja lawo linapita lokha, monga linkapitira m'mawa uliwonse, ku kona ya pansi ya sikirini. Linazungulira pamenepo, n'kuzunguliranso.

"Achimwene, panali kanthu pakonapa."

"Kanthu kanji, bambo?"

"Kachizindikiro kakang'ono, ngati ka nyimbo. Kopanda dzina."

Paketi ya shuga inandilemera m'manja. Ndinayang'ana Wajuzi, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa.

"Ndinakufunsani ngati muli zofunika," anatero. "Munati ndi makalata akale okha, oti alipo kale pa mapepala. Ndiye ndafufuta disiki yonse n'kuyamba mwatsopano. Ndi mmene timachitira ku ntchito."

"Osakopera kaye?" ndinafunsa.

"Ku ntchito chilichonse chimakhala ndi kope lake kwina, makina amakopera okha. Seva ikatopa timangofufuta. Dzanja linazolowera."

"Munali chiyani kodi?" anafunsa azakhali.

Bambo anavula magalasi. Pamenepo ndinamvetsa zomwe zinachitika ine kulibe. Mwamuna wa imvi, pamaso pa mlongo wake ndi mnyamata wofuna mwana wake, akananena bwanji kuti m'mawa uliwonse amamvera mkazi wake womwalira akumuuza za tiyi? Anati makalata.

"Munali amake mwanayu," anatero. "Mawu awo."

Woyamba kulankhula anali Wataye, ndipo chondiwawa n'choti sananene monyoza.

"Ife a pa shopu tinaphunzira, achimwene. Munthu akati mu kompyuta mwake mulibe kanthu, ndiye kuti muli moyo wake wonse. Timakopera osafunsa."

Wajuzi anagwada pafupi ndi chibokosi chija. "Bambo, musaiyatsenso. Ndiloleni nditenge disiki, mwina china chatsalira. Pali njira zoyesera."

"Mwayesa kale, achimwene." Bambo anatenga kansalu kovundikira sikirini komwe mayi analuka, n'kuvundikira bwinobwino, akuwongola makona ake. "Ntchito mwagwira, ikuyaka msanga. Koma za Loweruka zija, musavutike."

*

Ndinamuperekeza mpaka pa geti, osati chifukwa cha chikondi koma kuti ndimukalipire bambo asakumva.

"Laputopu yanga unakhala nayo masana onse ukufunsa foda ndi foda. Munthu uja anapita kuti?"

"Ukanandiuza."

"Ndikuuze chiyani? Si iweyo amene unandiphunzitsa kuti kompyuta ya mwini sugwira usanakopere?"

"Ndimafuna iyake msanga, aone."

"Aona."

Anangokoka manja a juzi kubisa zala, ngati mmene amachitira akazizidwa, n'kuyamba kuyenda. Ndinafuna kumuitana, ndinafunanso kumugenda. Zonse ziwiri sindinachite.

Ku khitchini ndinapeza azakhali akuthira shuga uja m'chitini. Maso awo anali ofiira, pakuti mayi anali mnzawo ngakhale ankakangana tsiku ndi tsiku. Koma misozi sinawaiwalitse nkhondo yawo.

"Waona? Lero wafufuta mayi ako. Mawa adzafufuta chiyani?"

Ndinatembenuka n'kupita kuchipinda kwanga.

*

M'mawa mwake ndinapesa tsitsi ndikumvetsera. Mpando unakokedwa. Kapu inakhala pa sosa. Kenako zii. Ndinasuzumira pa khomo. Bambo anali atakhala kutsogolo kwa kansalu kaja, manja pa mawondo, tiyi akutuluka nthunzi, mpaka nthunziyo inaleka. Mawu aja anali pa lilime panga, koma ndinaopa kuti ndikawanena ine adzamva kusiyana kwake. Mayi ndinawalira m'mawa umenewo kuposa pa maliro awo.

Pa foni mauthenga a Wajuzi anali atadzazana, opepesa okhaokha, ndipo ndinkangowadutsa ndi chala. Womaliza ndi umene unandiimitsa.

"Sindikupempha kuti undikhululukire. Koma tsiku lina pa benchi paja ndinakupeza utavala mahedifoni pa laputopu, ukulira uku ukuseka. Unatseka msanga, ine sindinafunse. Unkamvera chiyani?"

Ndinakhala pa bedi. Holide ina mayi atamwalira ndinakopera mawu aja pa fulashi mobisa n'kukawaika mu laputopu, kuti ndiziwamvera ku hositelo ndikawasowa. Nditabwerera kunyumba khoma linayamba kundipatsa mawuwo m'mawa uliwonse, ndipo za kope lija ndinaiwala. Iye sanaiwale. Munthu yemwe amati sadziwa kuona anthu anasunga misozi yanga zaka zonsezi osaifunsa. Mkwiyo wanga unasungunuka pomwepo, ndipo ndinamukonda ngati masiku a mvula aja.

Ndinakoka mpando n'kukwera. Pamwamba pa kabati panali fumbi, ndi malo oyera a makona anayi pomwe laputopu inkakhala.

Azakhali anabwera nditawaitana kachiwiri, akupukuta manja. "Chinjerwa chija? Ndinapatsa mwana wa mnzanga uja mwezi watha. Amati zakale amachotsamo zida, zotsala n'kutaya. Chimangosunga mphemvu."

Nthawi yomweyo foni inalira m'manja mwanga. Anali Wataye. Poyankha mothamanga ndinakhudzanso batani la sipika, ndipo chipinda chonse chinadzaza.

"Kodi chikumva chimenechi? Ndinene chiyani tsono?" Kuseka kwa m'mphuno kuja. "Inu, zimitsani, tiyi wanu akuzizira."

Azakhali anagwira pakamwa. Kenako kunabwera mawu a Wataye, ofatsa ngati nthawi zonse.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Dzulo pobwerera ndinakumbukira kuti laputopu yanu ili pansi pa kauntala, sitinaiphwasule. M'mawa uno ndangoika chaja, n'kuyaka ngati yagulidwa dzulo. Mawu mwamvawa ndawapeza momwemo. Sisitimu ya mnzanu ija ndi yolimba ndithu, koma musamuuze kuti ndavomera."

"Ndikubwera kudzaitenga pompano."

"Musavutike. Chinthu chotere sichinyamulidwa ngati paketi ya shuga. Ndidzabweretsa ndekha, ndidzapereke m'manja mwa bambo. Ndamva kuti Loweruka pa tebulo panu pali mpando wopanda mwini."

Pamwamba pa sikirini ya foni panalowa uthenga wina wa Wajuzi, wa liwu limodzi lokha: "Waipeza?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukanire Wataye, koma ndinamva kapu ikugogoda pa sosa kumbuyo kwanga. Bambo anali ataima pa khomo, tiyi wozizira uja ali m'manja, maso ali pa foni ngati mayi atulukamo.

"Mwana wanga," anatero, "muuze abwere."